Kapepala Kopsa m'Thumba la Atcheya

Ng'oma ikazizidwa siyankhula. Ungaimenye mpaka zikhatho kutupa, imangoti phu phu ngati ukupuntha thumba la madeya. Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi malume anga, alongo awo a mayi. Iwo anabwera ku Blantyre kuchokera kwathu ku Phalombe atanyamula mphasa ndi ng'oma imodzi yaikulu, basi. Anamanga ku Machinjiri kusanadzaze nyumba, ndipo ine ndinakulira pakhomo pawo. Masiku a pakati pa sabata ankasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango, koma ukawafunsa ntchito yawo ankati ndi woimba ng'oma. Zansapatozo ankati n'zongotayitsa nthawi podikira Loweruka.

Iwo ankaimba yaikuluyo, ine yaing'ono yolira mokweza. Tinkaitanidwa ku maukwati, ku zinamwali ndi ku maliro a anthu akwathu, ku Bangwe, ku Chilomoni, kulikonse kumene kunali Mlomwe wofuna kumva za kwawo. Tisanayambe tinkasonkha kamoto ka udzu n'kuwamba ng'oma zathu: umayandikiza chikopa kumoto, ukuchisisita ndi dzanja, ukugogoda ndi chala, mpaka chitakunga n'kuyamba kulira bwino. Malume sankapita kutchalitchi, ndipo nthawi yokha imene ndinkawaona ali phee ndi yowamba ng'omayi. Ine ndinabadwa wachibwibwi komanso wamtima wapachala, zinthu ziwiri zosayenera kukhala mwa munthu mmodzi. Ndikakwiya mawu ankandithera pakhosi, anzanga n'kumaseka. Koma ndikakhala pa ng'oma palibe ankandiseka, chifukwa zimene pakamwa pankakanika manja ankazinena mosadodoma.

Malume anali ndi pempho limodzi, ndipo ankalibwereza ali bwinobwino, nthawi zina nsapato ya munthu ili m'manja.

"Mphwanga, tsiku langa likadzafika sindikufuna zambiri. Bokosi likamadzatuluka m'nyumba, ng'oma yangayi idzakhale patsogolo, udzaimbe iweyo mpaka kumanda. Ndisadzapite mwakachetechete ngati ndaba nkhuku."

Ndinkawayankha kuti munthu wouma ngati iwo adzatiika tonse, iwo n'kutsala akusoka nsapato. Ankaseka, koma ankandiuza kuti ndivomere kaye, ndipo ndinkavomera.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi. Wamkulu wa dziko, amene dzina lake sitinkalitchula mwachisawawa, akamapita kunja kapena kubwerako, amayi ankatengedwa pa malole kukavina m'mbali mwa msewu wa ku bwalo la ndege. Amayi savina popanda ng'oma, choncho ife tinalowa m'zimenezi popanda wotifunsa. Wotiitana anali atcheya a nthambi yathu ya chipani, bambo wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi, amene ankavala jekete imodzi yabulauni kaya kukuzizira kaya kukutentha. Sindinkawakonda, iwonso sankandikonda, koma gulu la amayi athu linkatchuka chifukwa cha ng'oma za malume, ndipo kutchukako kunkagwera pa jekete yawoyo.

Tsiku limene ndikunenali linali la m'nyengo yozizira. Malume anali chigonere ndi chifuwa, ndiye kwa nthawi yoyamba ng'oma yaikulu ndinanyamula ine, yaing'ono tinapatsa mnansi wathu wina. Lole inatitsitsa pamphambano ya Kameza, pa msewu wa ku bwalo la ndege, m'mamawa, n'kutiika pamalo athu pakati pa amayi a ku Ndirande ndi a ku Chirimba. Anati ndege itera posachedwa. Kenaka chiperoni chinatsika, kamvula kowaza kosaoneka ngati mvula koma kolowa mpaka m'mafupa. Tinaima pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, amayi akunjenjemera m'nsalu zawo za chipani, apolisi akuyendayenda, ndipo anyamata a malaya ofiira, amene ankagwira anthu m'misika pa nkhani ya makhadi a chipani, ali kumbuyo kwathu ndi ndodo.

Ng'oma ndinaifunditsa malaya anga, ine n'kutsala ndi vesiti, koma sizinathandize. Nditaigogoda ndi chala inangoti phu. Udzu wonse unali wonyowa, komanso apolisi anali atanena kale kuti asaone utsi m'mbali mwa msewu. Atcheya anabwera, anagogoda okha, n'kundiyang'ana. Anandiuza motsitsa kuti gulu lathu likakhala chete galimoto ya Wamkulu ikudutsa, anthu a kulikulu adzafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo woyankha adzakhala mwini ng'oma. Sanafunike kuwonjezera. Tonse tinkadziwa anthu amene anatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi, ena anabwerako atatha thupi, ena mpaka lero.

Ndinanyamula ng'oma n'kuzemba kuseri kwa malole amene anaimikidwa chakumunsi. Dalaivala wina amene ankasuta fodya m'galimoto yake anandimvera chisoni, anasolola mpukutu wa nyuzipepala zakale pansi pa mpando n'kundiponyera pamodzi ndi machesi. Woimba ng'oma aliyense wa m'tauni amadziwa kuti nyuzipepala imaposa udzu: imayaka msanga, lawi lake n'loyera, utsi ndi wochepa. Tinkatero kawirikawiri ku maukwati a ku Ndirande kumene udzu kulibe. Ndinanjuta, ndinapotokola mapepala atatu, ndinayatsa, maso ndi makutu zonse zili pa chikopa. Ndinasisita, ndinagogoda, ndinatembenuza. Pa pepala lachinayi ng'oma inadzuka, inalira mawu ake enieni aja ogwedeza m'mimba, ndipo ine ndinamwetulira ndekha ngati chitsiru.

Pomwepo nsapato inaponda pepala limene linkayaka pafupi ndi bondo langa. Anali atcheya. Anawerama, anatola kachidutswa kotsala, anakakutumula phulusa n'kundionetsa. Panali diso limodzi ndi theka la pakamwa, m'mphepete monse mwakuda ndi moto. Nkhope ya Wamkulu inkakhala patsamba loyamba pafupifupi tsiku lililonse, mwana aliyense ankadziwa zimenezo. Anthu ankasamala ngakhale pokulungira nsomba. Ine ndinaiwala, chifukwa mutu wanga wonse unali mu ng'oma.

"Achimwene, mwaotcha ndani apa?"

Ndinayesa kuyankha koma chibwibwi chinandigwira, ndinangoti nda, nda, nda. Dalaivala uja anali atakweza kale galasi la galimoto yake n'kuyang'ana kwina. Atcheya anapinda kapepalako bwinobwino n'kukaika m'thumba la pachifuwa la jekete yawo. Chakumtunda kunamveka kulira kwa njinga zamoto za apolisi, amayi anayamba nthungululu.

"Kaimbeni. Tikambirana mukamaliza."

Sindinaimbepo ng'oma monga ndinaimbira tsiku limenelo, ndipo zimandinyansa kuvomereza. Ndinkadziwa kuti ndikangosiya, manja a anyamata a malaya ofiira agwera pa mapewa anga, ndiye sindinkafuna kusiya. Ndinaimba ngati ndikutsanzika mkazi wanga, mwana wathu wa miyezi isanu, ndi malume ali pamphasa. Amayi athu anavina mpaka matope kuthovukira m'mwamba, a ku Ndirande anasiya zawo n'kumatsata ife. Mdipiti wa galimoto unadutsa nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi. Nditatsitsa manja ndinatseka maso kudikira, koma palibe anandigwira. Atcheya anakwera kutsogolo kwa lole, ine kumbuyo ndi amayi amene ankandiyamikira, ndipo sindinamve n'limodzi lomwe la mawu awo.

Kunyumba ndinauza anthu awiri okha, mkazi wanga ndi malume. Malume anakhala tsonga, anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ng'omayo inalira. Nditati inalira, anagwedeza mutu n'kugonanso. Mkazi wanga sanalire. Anatenga bulangete, sopo ndi malaya awiri n'kuzimanga pakansalu, n'kuika kuseri kwa chitseko kuti akabwera odzanditenga ndisapite chimanjamanja. Kuthawa kunalibe kothawira, kwa abale athu kutsidya la malire kunali nkhondo. Sabata yonse ndinkapita ku ntchito yanga yopenta nyumba, ndipo galimoto iliyonse yoima pafupi inkandigwetsa bulashi m'manja.

Lamulungu masana atcheya anabwera okha. Anakhala pa mpando wa malume, anamwa tiyi makapu awiri, anafunsa za chifuwa cha odwala, anaseweretsa mwana. Potsanzika ndinawaperekeza mpaka pa mtengo wa mango, ndipo pamenepo anandiuza kuti nkhani ija sanaipititse kulikonse, poti iwo ndi munthu wachifundo ndipo nthambi ikufuna woimba ng'oma. Kenaka anasisita thumba la pachifuwa ndi zala ziwiri, n'kunena kuti kapepala kaja kali pabwino.

Kusisita kumeneko ndinakhala nako zaka zitatu. Msonkhano wa nthambi, kuyeserera magule, kulandira mlendo wa kuchigawo, kaya ndili pamwamba pa makwerero ndikupenta, uthenga ukangofika ndinkatsika. Bandi ina ya ku Ndirande, imene inkaimba Loweruka masana ku hotela ina m'tauni, inandifuna kuti ndiziwaimbira ng'oma, ndipo inali pafupi kukajambula nyimbo ku wailesi. Ndinayeserera nawo kawiri, ndipo ndinamva kukoma kwa ng'oma yanga ikuyankhana ndi gitala, chinthu chimene ndinali ndisanachilotepo. Atcheya atamva anati woimba wa nthambi saimba m'malo a mowa, zala zili pa thumba. Anyamatawo anapeza wina, ndipo nyimbo zawo ndinkazimvera pa wailesi ya aneba, ndikudziwa malo onse amene ine ndikanamenya mosiyana. Manja anga anasanduka a eni. Ndinayamba kudana ndi fungo la chikopa chowambidwa, limene kale linkandikomera kuposa la nyama yootcha.

Malume chifuwa chija sichinawasiye. Anamwalira Lachinayi lina m'mwezi wotentha, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti tiika Loweruka masana, podikira mayi anga ndi abale ochokera ku Phalombe. Ng'oma yaikulu tinaiika kumutu kwa bokosi. Lachisanu ndinaipukuta, ndinakonza lamba wake, ndinauza adzukulu okumba manda kuti ine ndidzatsogola. Madzulo a tsiku lomwelo uthenga unafika wakuti Wamkulu akubwera kuchokera kunja mawa lake, amayi onse pa Kameza.

Ndinapita kwa atcheya ndikuthamanga. Ndinawapeza akutsuka mapazi pakhonde. Ndinagwada, ine amene sindinagwadirepo munthu, n'kuwafotokozera za pempho la malume, limene iwonso ankalidziwa chifukwa malume ankaliuza aliyense. Ndinati atenge ng'oma yaing'ono ndi mnansi wathu uja. Anakana, anati gulu lathu limadziwika ndi yaikulu, ikasowa anthu adzafunsa. Mtima unandiwira, ndinaimirira n'kuwauza kuti ngakhale mfiti imalemekeza maliro. Anapukuta manja, anatenga jekete imene inali pa msomali, anaivala pamwamba pa vesiti, n'kusisita thumba.

"Ndege ikutera teni koloko, achimwene. Pofika thwelofu mudzakhala mwabwerako. Kapena mukufuna amayi anu alire maliro awiri?"

M'mawa mwake ndinalowa m'nyumba ya maliro. Amayi anali atakhala mozungulira bokosi, ndipo mayi anga anali kumutu, dzanja lawo litatsamira pa ng'oma. Ndinaigwira lamba. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndikupita nayo kuti. Ndinati ndibwera msanga. Anafunsanso, mokweza pang'ono. Sindikanatha kunena chifukwa chenicheni pamaso pa anthu onsewo, poti masiku amenewo sunkadziwa khutu la ndani likupita kuti. Ndinachotsa dzanja lawo pa ng'oma, ndinaikweza paphewa, n'kudutsa pafupi ndi bokosi osaliyang'ana. Panja lole inali ikuliza kale hutala.

Tsiku limenelo dzuwa linaswa mtengo. Ng'oma sinafune moto, inakunga yokha, ukangoikhudza inkalira. Teni koloko inakwana, thwelofu inakwana, ndege osatera. Ndinkayang'ana phiri la Ndirande, ndikudziwa kuti kuseri kwa zitunda zapafupizo anthu akhala padzuwa kudikira ine. Kawiri konse ndinakweza ng'oma kuti ndizipita, zivute zitani, ndipo kawiri konse ndinapeza atcheya ataima patsogolo panga, zala zili pachifuwa. Kumbuyo kwawo anyamata a malaya ofiira ankandiyang'ana. Ndinaganiza za mwana wanga, amene tsopano ankayenda n'kumanditchula, ndipo ndinatsitsa ng'oma. Mdipiti unadutsa cha m'ma folo koloko. Ndinaimba, amayi anavina, ndipo sindikumbuka kuti inali nyimbo yanji.

Sindinadikire lole. Ndinathamanga njira yachidule ng'oma ili kumsana, ikundimenya m'chiuno, mpaka kumanda. Ndinapeza adzukulu akutsuka makasu. Anandiuza kuti anadikira mpaka fili koloko, koma ndi kutentha kuja thupi silikanadikiranso. Ndinakhala pansi pafupi ndi mtumbira, ndinaika ng'oma pakati pa miyendo, koma mkulu wa adzukulu anandigwira dzanja. Anati ng'oma imaperekeza munthu ali panjira, akafika n'kutsekeredwa siimbidwanso, ukaimba ukuitana ndani. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, malume omwewo ndi amene anandiphunzitsa.

Mkazi wanga ndiye anandifotokozera mmene zinayendera. Kwaya panalibe poti malume sanali a mpingo. Amayi ambiri odziwa nyimbo zathu anali ndi ine pa Kameza. Nkhalamba ziwiri zinayambitsa nyimbo bokosi likutuluka, koma popanda ng'oma inafera m'njira, ndipo anthu anayenda mtunda wonsewo kukumveka mapazi okha. Mayi anga ndinawapeza atakhala pakhonde. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero.

"Mlongo wanga wapita ngati wakuba, iwe uli moyo, manja uli nawo."

Anabwerera ku Phalombe patapita masiku atatu. Ndinkapita kukawaona, ankandiphikira, ankafunsa za ana, koma dzina la malume sanalitchulenso pamaso panga. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za kapepala kaja, koma mayi anali munthu wosasunga mkwiyo m'mimba. Akanapita kukatukwana atcheya pakhomo pawo, ndipo tonse tikanathera pomwepo. Ndinati ndidzawauza zinthu zikadzasintha, ngakhale sindinkakhulupirira kuti zidzasintha.

Zinasintha. Chaka chimene anthu anayamba kuyankhula poyera m'mabasi, nthambi yathu inangofota yokha, ndipo atcheya anasamuka ku Machinjiri mwakachetechete. Ndinakumana nawo mwangozi mumsika wa Zingwangwa, kumene ndinapita kukagula laimu wopentera. Anali atakhala pa kabenchi akugulitsa fodya wopotera, atakalamba, jekete ili yomweyo koma itayera m'mapewa. Mtima wanga wakale uja unabwerera wonse nthawi imodzi. Ndinawagwira pakhosi pa jeketeyo, n'kupisa dzanja m'thumba la pachifuwa anthu akuona. Ndinatulutsamo chipeso chothyoka mano ndi tikiti ya basi.

Ndinawafunsa kuti kali kuti, ndipo chibwibwi sichinandigwire. Poyamba sanamve chimene ndikunena. Atazindikira, anandiyang'ana ngati ndine wopusa.

"Achimwene, inu mumaganiza kuti ine ndikanayenda ndi nkhope yopsa m'thumba? Akanandisecha n'kundipeza nayo, akanati waotcha ndani? Ndinakaponya m'chimbudzi tsiku lomwelo, ndisanavule n'nsapato zomwe. Sabata yonse sindinadye, kuopa kuti dalaivala uja anandiona ndikukatola."

Ndinafunsa kuti nanga zaka zonse zija, nanga tsiku la maliro.

"Ng'oma ikanasowa pamsewu paja akanatenga ine. Inenso ndinali ndi ana."

Ndinawasiya. Ndinkafuna kuwamenya, koma ndinangowabwezera chipeso chawo. Laimu sindinagule. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Zingwangwa mpaka ku Machinjiri, ndikuwerenga m'mutu anthu amene ndingawauze kuti thumba lija linali lopanda kanthu. Mkazi wanga ndinamuuza, anangokhala pansi n'kugwira pakamwa. Munthu amene ndinkafunitsitsa kumuuza anali mayi, koma iwo tinali titawaika chaka chapitacho, ndipo anapita akudziwa kuti mwana wawo anasankha kukasangalatsa chipani tsiku loika mlongo wawo.

Ng'oma yaing'ono ndimaimbabe. Maliro a munthu wakwathu akachitika sindidikira kuitanidwa, ndimatsogola bokosi mpaka kumanda, kaya womwalirayo ndimamudziwa kaya ayi. Yaikulu ija sindinaiwambenso chichokere pa Kameza tsiku la maliro lija. Ili pakona m'chipinda chochezera, chikopa chinalefuka kalekale, ndipo ana a m'nyumba muno amaikapo wailesi.